Buku la conservatism la K18,000: ndigule kapena ndilisiye?

Tadala: Anzanga, kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'tauni muja ndapeza buku lofananitsa conservatism ya ku Britain, America, Germany ndi France. Akuti K18,000. Chikuto chang'ambika koma masamba onse alipo. Ndigule?

Yamikani: Ndalama yonseyo? Nkhani yake ndi imodzi basi, anthu osafuna kuti zinthu zisinthe. Gula bandulo uwerenge pa intaneti.

Mayi Banda: A Yamikani, funso n'lakuti chimene akusungacho n'chiyani. Conservative wa ku Britain amasunga ufumu. Wa ku America amasunga malamulo a dziko limene linakana mfumu mu 1776. Onani za mfuti: ana 16 ndi mphunzitsi wawo ataphedwa pasukulu ku Dunblane, ku Britain, mu 1996, boma la Conservative la John Major ndi limene linayamba kuletsa mfuti zam'manja. Mukanene zimenezo pamsonkhano wa ma Republican, chipani cha ma conservative ku America, muone ngati mungamalize kulankhula.

Chisomo: Kuno ku Leeds, ku Britain, chipatala chaulere cha NHS anayambitsa ndi a chipani cha Labour mu 1948, koma ngakhale Thatcher, nduna yaikulu ya Conservative amene anagulitsa makampani aboma ambirimbiri, sanachithetse. Ku America akanati ndi usosholisti.

Mayi Banda: Ndiye ku Germany, Bismarck, mtsogoleri wa boma komanso munthu wa mfumu weniweni, anayambitsa inshuwalansi yachipatala ya ogwira ntchito mu 1883 pofuna kuti asathamangire kwa masosholisti. Pa intaneti mudzapeza kwambiri za ku America, n'kuyesa kuti kulikonse zili choncho.

Yamikani: Chabwino amayi, ndamva. Koma bukulo lasindikizidwa liti?

Tadala: 2009.

Yamikani: Ndiye mulibe Brexit (kutuluka kwa Britain mu European Union), mulibe Trump, mulibe Merkel wa CDU, chipani cha ma conservative ku Germany, kulandira othawa kwawo mu 2015. Nanga za Africa muli?

Tadala: Ndayang'ana m'ndandanda wa mitu, mulibe ngakhale mutu umodzi.

Chisomo: Pamenepo ndiye pandikhumudwitsa. Lamulo la Kamuzu la 1973 loletsa amayi kuvala buluku ndi siketi yaifupi nalo linali conservatism yakeyake, ndipo silifanana ndi ya Thatcher.

Mayi Banda: Za kwathu muzifufuza nokha. Mitu ya mbiri yakale ija sinathe ntchito. Koma K18,000 ayi, yachuluka.

Yamikani: Wogulitsayo umuuze K9,000. Buku loterolo ndani winanso akulifuna m'tauni muno?

Tadala: Ndipitako mawa. Akafika pa K11,000 nditenga, ndipo wofuna kubwereka asonkheko.