Nyemba zikupsa masamba chonsecho madzi akuthira tsiku lililonse, thandizeni

Wobisa dzina: A admin chonde ndibiseni, apongozi anga ali pa gulu pompano. Abale anga a ku Joni kuno, tulo sindikupeza. Ndimagwira ya gadeni ku Randburg, kugona ku Diepsloot, ndipo kangachepe komwe ndinasunga ndinagulira pampu ya sola kuti akazi anga kumudzi azilima nyemba za mthirira. Wotenga katundu uja anakhala nayo pampuyo mpaka mvula inatha, pofika nayo paipi imodzi palibe, ukamuimbira nthawi zonse akuti ali pa Beitbridge. Mlamu wanga ndinamutumizira ya feteleza, theka anagulira foni. Koma izo tizisiye. Nyemba za kholophethe zinamera mwa apo ndi apo, zomwe zinamerazo zapinimbira, masamba akuuma kuyambira m'mbali, ndipo pamwamba pa mizere payera mbee ngati pawazidwa ufa. Madzi akuthira m'mawa ndi madzulo. Akazi anga akuti ndine ndinagula mbewu yoipa, panopa foni akuyankha mwana. Ndigule mankhwala anji kuno ndiwatumizire?

Che Jafali wa ku Mayfair: MWADYEREDWA achimwene! Ndanenapo pa gulu pano kambirimbiri, ndalama ya ku Joni isamalowe m'dothi mwini wake kulibe. Pampu imeneyo mukanagula njinga yamoto ya kabaza bwenzi madzulo aliwonse ikulowetsa kenakake. Feteleza sanathire ameneyo, kuyerako ndi phulusa lokunamizirani pa chithunzi.

Nambewe: Achimwene, za apongozi ndi mlamu mwatiuza zonse, koma mundawo uli boma liti? Madziwo akuchokera mumtsinje, pa chitsime kapena pa mjigo? Popanda zimenezi tikuthandizani bwanji?

Mayi a Tadala: Zinandichitikirapo ine kwathu cha kunyanja ya Chilwa. Tomato yense anafota, ngongole ya kubanki mkhonde ndinabweza ndi ndalama zochapa za azungu ku Sandton. Malemu amuna anga anangoti ndi mphepo yoipa. Mpaka lero ndikaona tomato pa shelefu mtima umandiwawa.

Yobu wa pa Park Station: Aise, nyembazo zabwera zothira kale mchere, mungowonjezera anyezi ndi mafuta basi 😂

Bambo Mbewe: Mwana iwe Yobu ukuseka koma wanena zoona. Ine ulimi wothirira ndinauphunzira ndisanabwere kuno. Kuyera pamizere ndi kupsa kwa masamba m'mbali kumaloza ku mchere wa m'madzi, ndipo wopopera sangachiritse zimenezo. Madzi akauma ndi dzuwa mchere umatsala pamwamba, muzu n'kulephera kukoka madzi ngakhale dothi lili lonyowa. Mwa mbewu za mtundu wa nyemba, nyemba zenizenizi ndiye zosapirira. Pa miyezo ya FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, zokolola zake zimayamba kutsika mchere wa m'dothi ukangodutsa 1.0 dS/m (dS/m ndi muyezo wa kuchuluka kwa mchere), pamene mtedza umafika 3.2, khobwe 4.9, soya 5.0. Nandolo asakupusitseni, amapirira chilala koma mchere amauopa.

Che Jafali wa ku Mayfair: Madala, manambala anuwo adyetsa ndani? Kwathu ku Mangochi agogo ankalima nyemba opanda FAO. Vuto apa ndi MLAMU.

Mlongo Esnart: Munda umenewo wapondedwa ndi adani, anthu kumudzi sakondwa mnzawo akatumiza pampu. Bwerani ku mapemphero Lamlungu ku Rosettenville, mubwere ndi chithunzi cha mundawo.

Gift wa ku Musina: Pa famu pomwe ndinkagwira abwana ankathira gypsum, ufa woyera wokonzera dothi. Gulani matumba awiri mutumize, nkhani yatha.

Bambo Mbewe: Ayi achimwene a Gift, musamuonongetse ndalama zina munthuyu. Gypsum amathandiza dothi lomwe lamatana chifukwa cha sodium mpaka madzi osalowa. Mchere wobwera ndi madzi tsiku ndi tsiku sauchotsa. Mchere umachoka ndi madzi ambiri otsikira pansi kupyola mizu, ndiye kuthira pang'onopang'ono kongonyowetsa pamwambako kukuunjika mchere pomwe pali mbewu. Koma ngati dothi ndi la makande losatsitsa madzi, kuthira ambiri kuoletsa mizu. N'chifukwa chake achemwali a Nambewe akufunsa.

Che Jafali wa ku Mayfair: Mwaonatu, akatswiri awiri akutsutsana okhaokha. Ine njinga ndili nazo ziwiri kumudzi, palibe yomwe inapsa masamba.

Nambewe: Che Jafali, chaka chatha si inu munkalira pano kuti mnyamata wa kabaza wathawa ndi njinga?

Che Jafali wa ku Mayfair: INAPEZEKA imeneyo mayi, musandiyambe.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Kwathu ndi cha ku Ngabu. Mlamuyo si koyamba, ya malata anachitanso chimodzimodzi, ndipo apongozi amamuikira kumbuyo. Ndiye gypsum yo amagulitsa kuti?

Mayi a Tadala: Ku Chikwawa? Mwana wanga, kumeneko mijigo yambiri ndi yamchere, ena amaisiya n'kumakatunga ku Shire. Thonje ndi mapira zimachita bwino kumeneko chifukwa zimapirira. Bzalani khobwe, chitambe mudya, khobwe mugulitsa. Ndipo mayi wa kunyumbayo mumupepese, wathirira mpaka msana kuwawa.

Bambo Mbewe: Gypsum muyambe mwamusiya. M'masitolo ogulitsa za hydroponics (ulimi wa m'madzi wopanda dothi) kuno ku Johannesburg muli kachipangizo kooneka ngati cholembera kotchedwa EC meter, koyezera mchere wa m'madzi, mutumize kameneko. Madzi osafika 0.7 dS/m ndi abwino, akadutsa 3 ndi oopsa kwa mbewu zambiri. Ulendo wina asabzale pansonga pa mzere, abzale m'mbali mwake chifukwa mchere umakwera kukaunjikana pamwamba. Aphimbire ndi mapesi, madzi asamathire pamasamba, feteleza aleke kaye poti nayenso ndi mchere. Alangizi ali pa Ngabu pomwepo, ndipo ku Kasinthula kuli malo a kafukufuku wa ulimi.

Che Jafali wa ku Mayfair: Kachipangizo kameneko mlamu akagulitsanso. Mundiuza.

Nambewe: Achimwene obisa dzina, kachiwiri tsopano: madziwo ndi a pa mjigo kapena a mumtsinje? Imbirani mwanayo, amayi ake alawe madziwo, atiuzenso ngati sopo amachita thovu akamachapira.