Ufa wosintha mtundu padzuwa wakana pa thanki ya njinga yamoto

Yami wa ku Ndirande: Madala ndithandizeni. Kasitomala wa kabaza anabwera ndi ufa uja wosintha mtundu padzuwa, anagula pa intaneti, akufuna thanki izikhala yoyera mumthunzi koma ya mtundu wa papo padzuwa. Ndinayesa kaye pa kachitsulo zinasintha bhobho, ndiye ndapopera thanki, ndathira kiliya (vanishi yowalitsa pamwamba pa penti ija), yauma, kuitulutsa padzuwa la 12 koloko, zii, ingoti mbee. Mwini wake akubwera Lachisanu.

Mdala wa ku Limbe: Kachitsulo koyesera kaja munathirapo kiliya?

Yami: Ayi mdala, ufa ndi binder yomatira ufawo basi.

Mdala wa ku Limbe: Vuto ndi limenelo. Kiliya ya magalimoto ya 2K, yosakaniza ndi mankhwala oumitsa ija, imakhala ndi mankhwala otchinga UV (kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso) kuti penti isasuluke, pomwe ufa wanuwo umadya UV yomweyo. Mwautsekera m'nyumba.

Chisomo wa ku lab: A mdala akunena zoona. Ufawu umakhala ndi mamolekyu a mtundu wa spiropyran kapena abale ake, mumthunzi amakhala opindika alibe mtundu, UV ikawamenya amatseguka nkuoneka papo, dzuwa likachoka amapindikanso okha. Mwaonapo magalasi a maso aja oda padzuwa? M'galimoto sada kwenikweni chifukwa windisikirini yatchinga kale UV, nkhani yake ndi yomweyi. Tengani tochi ya UV yoonera ndalama, palani kiliya pakona ya pansi muwalitse, pakasintha ndiye ufa uli moyo, thina sanauphe.

Yami: Asisi mwandipulumutsa, ndapala pansi pa thanki, papo wabwera pompo!

Mdala wa ku Limbe: Ndiye kwechani ndi sandipepa ya 800 yamadzi, poperaninso pa besi yoyera, pamwamba kiliya yopanda UV blocker. Werengani pachitini, musamvere wogulitsa, iye chilichonse amangoti eya.

Chisomo wa ku lab: Koma achimwene mumuuziretu kasitomalayo zinthu ziwiri. Thanki ikatentha ngati mu Okutobala muno mtundu umafooka chifukwa kutentha kumawabweza mamolekyu msanga, komanso UV yomwe imawatsegulayo ndi yomwe imawatopetsa, njinga yokhalira padzuwa pa siteji tsiku lonse idzafika posiya kusintha.

Yami: Ndamuimbira, akuti bola ione Khirisimasi. Ndani ali ndi kiliya imeneyo cha ku Ginnery Corner, lita imodzi yokha?