Za funso langa la posungira ntchito za ku yunivesite

Mwezi watha ndinafunsa ngati pali njira ina yosungira ntchito zanga za maphunziro, poti zolemba, zithunzi ndi malipoti onse ali pa Mahara, pulogalamu ya pa intaneti imene sukulu yathu imagwiritsa ntchito posungira ntchito za ophunzira, ndipo akaunti yangayo idzatsekedwa ndikangomaliza digiri. Tsopano ndayesa njira zitatu zopangira tsamba langalanga la pa intaneti, zomwe ndi Google Sites, GitHub Pages ndi WordPress, ndipo ndasankhapo imodzi.

Choyamba ndinatulutsa zonse pa Mahara, chifukwa pulogalamuyi imalola kukopera ntchito yako ngati masamba a HTML (ofanana ndi masamba a pa intaneti) kapena ngati fayilo ya Leap2A (yosamutsira ntchitoyo ku pulogalamu ina yofanana ndi Mahara). Ya HTML ndi imene yandithandiza kwambiri, popeza imatseguka pa kompyuta iliyonse ngakhale palibe intaneti, pamene ya Leap2A imafuna pulogalamu ina yoizindikira.

Google Sites ndi yaulere ndiponso yosavuta, koma pamafunika kutsegula tsambalo ndi akaunti yakoyako, chifukwa ukagwiritsa ntchito ya sukulu ndiye kuti vuto lija silinachoke. GitHub Pages ndinaisiya msanga, poti imayenerera bwino anthu odziwa kulemba mapulogalamu.

Ndakhazikika pa WordPress pa zifukwa ziwiri. Ndikhoza kutulutsa zolemba zanga zonse mu fayilo ya XML ndi kusamukira kwina nthawi iliyonse, komanso tsamba lililonse ndikhoza kulitseka ndi mawu achinsinsi. Chachiwirichi chandikomera koposa, chifukwa malipoti a nthawi imene ndinkayeserera uphunzitsi ali ndi zithunzi za ana a m'kalasi, zimene sindingaziike poyera. Ndemanga ndi malikisi a aphunzitsi anga ndazisunga padera ngati PDF.