Kodi mabala akamatseka msanga ndewu za usiku zingachepe?

Nachisale:
Abale, ndimakhala ku Yeoville, Johannesburg, ndipo zenera langa layang'anizana ndi bala. Loweruka ikangokwana 2 koloko usiku mabotolo amayamba kusweka, anthu kukuwa, mwana wanga wamng'ono n'kudzuka akunjenjemera. Ndatopa nazo. Ndikufuna kulembera khansala wathu kuti mowa azisiya kugulitsa 12 koloko. Kodi kuliko kumene zoterezi zinathandiza?

A Phiri a ku Soweto:
Mayi, lembani ndithu. Kumapeto kwa 2020 boma litaletsa kugulitsa mowa chifukwa cha Covid-19, komanso kuyenda usiku, chipatala cha Chris Hani Baragwanath chinalengeza pa 1 January 2021 kuti m'chipinda cha ovulala kwambiri munalibe munthu ndi mmodzi yemwe. Chaka chilichonse tsiku limenelo mumadzaza anthu obayidwa mipeni.

Nangozo:
Ku Sydney, ku Australia, anayesa mu 2014, anyamata awiri atafa chifukwa chomenyedwa nkhonya mumsewu m'dera la mzindawo lotchedwa Kings Cross. Ikakwana 1:30 usiku munthu sankaloledwa kulowa m'bala, ndipo 3 koloko mowa unkasiya kugulitsidwa. Ndewu zinachepadi kumeneko, koma m'madera oyandikana zinakwerako, ndipo mabala ambiri anatsekeratu. Pofika 2021 lamulo loletsa kulowa m'bala ikakwana 1:30 analichotsa.

A Banda:
Achemwali, ine nkhawa yanga ndi mashabini opanda chiphaso. Bala ikatseka, oledzerawo adzangolowa kumeneko. M'kalatamo mutchulenso zimenezo, ndipo anthu oyandikana nanu asayine nawo, musapite nokha.