Maso a mwana afiira, kodi ndi vairasi?

Abale, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wa zaka 6 anadwala chimfine, kenako diso lakumanzere linafiira. Lero ndi tsiku lachinayi ndipo linalo layambanso. Akutuluka misozi yamadzimadzi, osati manthongo achikasu, ndipo kutsogolo kwa khutu kwatupa kamwanabere. Iye akuti m'maso mukumveka ngati muli mchenga.

Ndinamva kuti zikatere kawirikawiri imakhala vairasi yotchedwa adenovirus, ndipo mankhwala ngati tetracycline sapha vairasi, matendawa amatha okha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Ndikumuika kansalu kozizira pazikope, thaulo akugwiritsa lakelake.

Chikundidetsa nkhawa n'chakuti dzulo wayamba kudana ndi kuwala. Ndidikirebe, kapena ndithamange naye kuchipatala poopa vairasi ina yotchedwa herpes? Nanga kusukulu abwerere liti kuti asapatsire anzake?