Alipo amene anakhalapo ku Pofadder? Ndithandizeni maganizo

Wobisa dzina: Admin chonde mundibisire dzina, muno muli abale anga ambiri ndipo ena mwa iwo ndi omwe andifikitsa pamenepa.

Moni nonse. Ine ndili ku Cape Town kuno chaka chachinayi, ndimakhala ku Dunoon. Ntchito yanga yosamala pabwalo inatha mu June bwana atagulitsa nyumba, chichokereni apo ndikungodalira maganyu, sabata ina masiku awiri, sabata ina osagwirako olo limodzi. Lendi akweza kawiri chaka chino chokha pomwe denga likudontha, matiresi anga mpaka anachita nkhungu. Kuwonjezera apo mlamu wanga amene ndinamuitanitsa ndine, transipota ndinalipira ndine, lero akundidutsa ngati chitsa. Popita kumudzi pa Khirisimasi ndinamupatsira R3,500 ya malata, malata sanagulidwe, ndikafunsa akuti ndalama inathera m'maboda. Mayi a ana nawo akuti ndapeza mkazi wina kuno n'chifukwa chake sindikutumiza. Mutu wanga waima.

Ndiye dzana m'bale wina wa kutchalitchi wandilumikizitsa ndi mzungu amene akufuna munthu ku Pofadder, akuti pogona palipo. Ndiyankhe pofika Lachisanu. Ndaona pa mapu ndangopeza msewu umodzi ndi dothi lofiira. Kumeneko kumakhala anthu koma? Ufa umapezeka? Ndipite kapena ndipirire konkuno? Onyoza mundisiye, ndatopa kale.

Make Tadala: Pepani achimwene ndi zonsezi. Koma ntchito yake ndi yanji ndipo malipiro ndi angati? Simunanene.

Mnyamata wa ku Ntaja: Dzina lokhalo silikukuopsani madala? Pofadder m'Chibunu ndi njoka ya mphiri. Kuthawa denga lodontha kukalowa m'kamwa mwa mphiri kkkkk

Dalaivala wa N14: Anthu inu musamayankhe zinthu zomwe simukuzidziwa. INE NDAYENDA msewu umenewo pa thiraki zaka 7, usiku ndi usana. Mverani kuno achimwene. Kuchoka Cape Town mumatenga N7 mpaka Springbok, makilomita oposa 500. Pamenepo mumakhotera kumanja kulowa N14, kuyendanso ngati 160 ndiye mwafika. Mukapitirira, Upington ili kutsogolo makilomita ena oposa 200. Pakati ponsepo musayembekezere kuona mudzi ngati kwathu. Ndi mipanda yawaya, miyala, ndi mapolo a mawaya omwe mbalame zinamangapo zisa zikuluzikulu ngati denga la nkhokwe. Mutha kuyenda theka la ola osakumana ndi galimoto. Tauniyo payokha mutayiyenda wapansi, ndudu imodzi isanathe mwaimaliza. Pothira mafuta, timasitolo tingapo, polisi, matchalitchi, hotela, basi kwatha. Lamulungu masana ngakhale galu sayenda mumsewu. Ine sindingakhaleko ngakhale mutandipatsa thirakiyo kuti ikhale yanga.

Wa ku Ngabu weniweni: Ngati vuto ndi kutentha, ife a Chikwawa ndi Nsanje tinabadwira m'ng'anjo. Mundipatse nambala ya mzunguyo ndipite ine.

Dalaivala wa N14: Amwene, ku Ngabu muli ndi Shire pafupi, muli ndi mitengo yoti muthawiremo. Uko mvula ya chaka chonse ndi ngati mamilimita 100, yomwe kwanu imagwa usiku umodzi mu January. Madzi akumwa amachita kupopa m'mapaipi kuchokera ku mtsinje wa Orange. Ndiye chomwe simukudziwa n'chakuti June ndi July usiku kumazizira mpaka madzi kuuma m'ndowa. Ine ndinagonapo m'thiraki ndi mabulangete atatu mano akugundana. Dedza imachepa.

Wa ku Ngabu weniweni: Inu chilichonse munachiona kale. Mawa mudzatiuza kuti mtsinje wa Orange munakumba ndinu.

Achemwali a ku Mangochi: Ine mfundo yanga ili pa mlamuyo. Ndalama osapatsira munthu pamanja, ngakhale wa bere limodzi. Ine mchimwene wanga weniweni anadya R6,000 ya njerwa, nditafika kumudzi ndinapeza pamalo panga amera maungu. Mpaka lero amayi amati ndimukhululukire poti ndi magazi. Tumizani pa Mukuru basi, wolandira azisayina yekha.

Bambo a Chisomo: Pitani achimwene, musamvere oopsezawa. Dera limenelo kuli ndalama. Pafupi pomwepo, makilomita ngati 60, pali Aggeneys, tauni ya mgodi wa Black Mountain, ndipo mgodi watsopano wa Gamsberg wokumba zinki anakautsegula ndi Ramaphosa mwiniwake mu 2019. Kulinso malo opangira magetsi a dzuwa, KaXu, a 100 MW, anayamba mu 2015. Kumene kuli mgodi ndalama imayenda. Mukakhazikika mutha kumagulitsa ngakhale zovala za kaunjika kwa ogwira ntchito.

Dalaivala wa N14: Izi ndi za pa Google izi. Munalowako ku Aggeneys inu? Tauni ija ndi ya kampani, nyumba ndi za kampani. Pa geti la mgodi sulowa ngati ukulowa pa msika wa Limbe. Amafuna ID, amakupima kuchipatala, ndipo amayamba kulemba eni dera a ku Pella, Pofadder ndi Onseepkans, omwenso ambiri akungokhala kudikira ntchito yomweyo. Za magetsi a dzuwazo ine ndinanyamulako katundu nthawi yomanga. Nthawi imeneyo inde kunali anthu, zipinda za lendi zinkasowa, mowa unkatha m'mabala. Atamaliza kumanga onse anabalalika, panatsala anthu ochepa otsuka magalasi ndi mainjiniya. Ndalama yomwe imazungulira m'tauni muja ndi ya penshoni za agogo ndi ya ana ya boma. Ikatuluka kumayambiriro a mwezi sitolo imadzaza masiku atatu, kenako zii. Kaunjika wanuyo mukagulitsa kwa nkhosa?

Bambo a Chisomo: Ndiye mukufuna munthu azingokhala ku Dunoon kudikira galimoto yotenga aganyu pa roboti? Inu muli pa ntchito n'chifukwa chake mukuyankhula motumbwa.

Mnyamata wa ku Ntaja: Ine ndikuona kuti ntchito yake ndi yoweta nkhosa. Zikomo Abusa, tikuonani mukabwera ndi mpingo wa miyendo inayi kkkk

Mayi wa mphesa: Ine Pofadder sindinakhaleko koma ndinagwira ku Kakamas, msewu womwewo chakufupi ndi Upington, m'minda ya mphesa ya m'mbali mwa mtsinje. Tinapita anthu 9 kuchokera ku Philippi, anatitenga ndi kontirakita wina pa November. Tinkadzuka 3 koloko m'bandakucha kuti tithyole dzuwa lisanakwere, chifukwa ikamakwana 11 sizasi imatentha m'manja ngati yachoka pamoto. Botolo la madzi tinkalikulunga m'sokosi yonyowa n'kulipachika pa waya kuti mphepo iziliziziritsa, apo ayi umamwa tiyi wopanda masamba. Koma chomwe chinandiliza si dzuwa. Pafamupo panali kasitolo ka bwana, umatenga ufa, shuga, sopo, iwo n'kumalemba m'buku. Tsiku lolandira ukupeza theka lapita ku bukulo, ndipo sungakagule kwina poti tauni ili kutali, galimoto ndi ya bwana yemweyo. Nyengo itatha mu February kontirakita uja anazimitsa foni ndi ndalama zathu za masabata awiri. Tinabwerera pa chifundo cha dalaivala wa thiraki ya zoumba. Ndinafika ku Cape Town ndi R140 ndi mapazi otupa. Ndiye inu funsani kaye kuti wokulipiraniyo ndi mwini malo kapena ndi wapakati.

Dalaivala wa N14: Mwamva? Dalaivala wa thiraki. Ife timanyozedwa koma ndife timakutolani.

Sheikh wa pa Bellville: Kungowonjezerapo, kufupi ndi kumeneko ku Klein Pella kuli munda waukulu kwambiri wa tende. Wina mwa tende amene timafuturu naye kuno ndi wochokera kumeneko. Ngati ntchito yake ndi imeneyo, ndi ya nyengo, si ya chaka chonse. M'bale, ngati ndinu Msilamu ganiziraninso za Ijumaa ndi nyama yoti muzidya.

Make Tadala: Wanena kale kuti anamulumikizitsa ndi wa kutchalitchi, Sheikh. Werengani bwino. Ine ndikudikirabe yankho, ntchito yanji?

Gogo wa matchona: Ana inu mumandimvetsa chisoni. Ife tinabwera kuno kale, tinaona zambiri. Munthu uli ndi mkazi ndi ana kumudzi, munda ulipo, ukukafuna chiyani m'chipululu cha eni? Mkaziyo akudandaula chifukwa zaka zinayi si masewera. Longedza katundu, kwera basi, ukalime soya. Kukafera kumene kulibe ndi Mmalawi mmodzi woti akutseke maso, maliro ako adzasonkha ndani?

Mnyamata wa ku Ntaja: Agogo inuyo chibwerereni muli konkuno, soyayo bwanji simukukalima?

Gogo wa matchona: Iwe ndi mwana, ulibe mwambo. Bambo ako ndani?

Achemwali a ku Mangochi: Soya wake ndi feteleza wa mtengo uti? Musamanamize anthu. Mwezi wathawu ndatumiza ya matumba awiri, ndinachita kukongola.

Wa ku Ngabu weniweni: Soya safuna feteleza wambiri achemwali, mukunena chimanga inu.

Mlongo wa ku Upington: Ndikuyankheni ine amene ndimakhala chigawo chino cha Northern Cape, ndinakwatiwa kuno. Anthu a ku Pofadder alibe vuto, ndi ochezeka, koma chiyankhulo ndi Chibunu basi, Chixhosa chanu cha ku Dunoon sichikagwira ntchito. Ufa ulipo m'sitolo, nyama ya nkhosa ndiye yosasowa, koma masamba ndi odula ndipo usipa kapena nkhwani muiwale. Vuto lenileni ndi ili: ku Cape Town bwana akakuchotsa, mawa umakaima pamsewu n'kupeza ganyu. Uko kulibe ganyu. Bwana ndi mmodzi, nyumba ndi yake, madzi ndi ake, galimoto yopitira ku tauni ndi yake. Mukayambana Lachiwiri, Lachitatu mulibe pogona. Ndiye musananyamuke, akutumizireni pa WhatsApp dzina la famu kapena malowo, ntchito yake ndi malipiro. Mu 2025 boma linaika R28.79 pa ola ngati malipiro otsikitsitsa, a pafamu omwe. Pa nyumba saloledwa kudula zoposa 10 peresenti, pa chakudya chimodzimodzi. Funsaninso ngati pamalopo pali netiweki, mafamu ambiri umachita kukwera phiri kuti uyimbe foni. Musunge ndalama yobwererera pamalo poti simungaikhudze. Ndipo chachikulu, mapepala anu ali bwanji? Boda ya Namibia ya Onseepkans ili pamtunda wa makilomita ngati 50 okha, apolisi amaimitsa magalimoto pa N14, ndipo m'tauni ya anthu 3,000 ndi kanthu mlendo amadziwika tsiku lomwelo.

Dalaivala wa N14: Zomwe ndakhala ndikunena ine zomwezi. Koma pa makilomita a Onseepkans mwalakwitsa, msewu wake ndi woipa, umamveka ngati 100.

Mlongo wa ku Upington: Kuipa kwa msewu sikuwonjezera makilomita, bambo.

Bambo a Chisomo: Za mapepala mukuopseza nazo munthu. Ndani muno ali ndi pemiti? Tonse tinalowa ndi masiku 30 omwewo.

Mlongo wa ku Upington: Eya, ndipo ukapitiriza masiku oposa 30 pamwamba pake, potuluka amakuletsa kulowanso zaka 5. Ku Dunoon mumabisala m'chigulu cha anthu. Uko mukabisala kuseri kwa chiyani, mwala?

Mtumiki wa Moto: M'bale, chipululu ndi malo okonzera munthu asanakwezedwe. Ndikuona chitseko chikutseguka. Ndilembereni ku inbox tipemphere limodzi, mubwere ndi chopereka cha chikhulupiriro.

Achemwali a ku Mangochi: Munthu alibe ya lendi inu mukufuna chopereka. Admin chotsani uyu.

Dalaivala wa N14: Ndipo musadzayerekeze kuyenda wapansi kuchoka pafamu kupita ku tauni mu December. Kumafika madigiri 40 kupitirira. Ine tayala linandiphulikira pakati pa Pofadder ndi Kakamas 1 koloko masana, jeke ikumira mu phula. Ndinadikira maola 5, madzi anatha, ndinayamba kuona nyanja kutsogolo ngati ndili pa Salima. Anandipulumutsa ndi mkulu wina woweta nkhosa, anabwera pa ngolo ya abulu ndi chigubu cha madzi. Sitinamvane chiyankhulo, ndinangomupatsa ndudu.

Mnyamata wa ku Ntaja: Poyamba paja munati simumasuta akulu, mu positi ya sabata yatha ija.

Dalaivala wa N14: Ndudu ndimasungira apolisi ndi anthu ngati amenewa. Iwe sunayendepo, khala chete.

Wobisa dzina: Zikomo nonse amene mwayankha, ndawerenga zonse. Koma zinthu zavutanso. Mlamu uja ali m'gulu muno, wazindikira kuti ndine chifukwa cha R3,500 ija, wandiimbira kundinyoza ndipo watumiza kale sikirinishoti kumudzi. Pano mayi a ana akuti ndawayalutsa pa Facebook. Mlamu, ndikudziwa ukuwerenga, malata anga ndikuwafuna. Za ufa ndamva kuti ulipo, mtima wakhalako pansi. Kodi mabulangete ndigule konkuno kapena ndikagula komweko?

Make Tadala: Achimwene. NTCHITO YAKE NDI YANJI?

Mlongo wa ku Upington: Ndipo mapepala?

Dalaivala wa N14: Mabulangete mugule ku Bellville, uko ndi odula. Atatu, osati awiri.