Datsun 240Z ya malemu bambo: ndiikemo V8 kapena ndisunge injini yake?

wa_ku_Chelstone

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Kunyumba kwa amayi kuli Datsun 240Z ya mu 1972 imene bambo anagula kwa mzungu wina wa ku migodi ku Kitwe. Yakhala pa njerwa pansi pa shedi chiyambire bambo kudwala, ndipo abale agwirizana kuti ndiitenge ine.

Injini ndi yakeyake ya L24, masilinda 6 pa mzere umodzi, malita 2.4, makabuleta awiri. Tikaipota ndi sipanala ikuzungulira bwinobwino. Vuto ndi dzimbiri. Pokhala batire padyeka, ndipo pansi popondapo woyendetsa pali bowo lolowa dzanja. Mawaya anadya makoswe. Magalasi onse alipo, dashibodi yokha ndiyo yang'aluka pakati.

Sindikufuna galimoto yongoitsuka Loweruka n'kuibweza mu shedi. Ndikufuna yopita nayo ku Siavonga, mwinanso kumudzi ku Chipata, osaopa kugona panjira. Anzanga akuti ndichotse injiniyo ndiikemo V8 ya Lexus (injini yaikulu ya masilinda 8), ndiitsitse pansi galimotoyo, ndigule malimu aakulu. Ndaonanso pa YouTube zimene kampani ya Singer ya ku America imachita ndi Porsche 911 zakale: kunja kukhala kwa kale, m'kati zonse zatsopano. Ine ndalama zanga ndi za pamwezi. Ndiyambire pati, ndipo ndisinthe mpaka pati?

mdala_wa_sipanala

Mwana wanga, za injini uyambe waziika pambali. Galimoto iyi ilibe chasisi chapadera ngati cha Hilux. Mphamvu yake ili m'malata a bodi, makamaka zitsulo ziwiri zimene zimachokera kutsogolo, kudutsa m'mbali mwa injini n'kupita kunsi kwa mipando. Asidi wa batire akadya pokhala batire amatsikira pa chitsulo cha mbali imeneyo. Ngati pamenepo pafewa, mabuleki ndi injini ulibe pozimangirira. Tenga maginito uyendetse bodi yonse, m'munsi mwa zitseko, kuzungulira matayala a kumbuyo ndi pa mlomo wa chitseko cha kumbuyo. Pamene maginito akukana kugwira, wina anamatapo filler, phala lotsekera mabowo m'bodi. Wowotcherera amene umupeze adule chowolacho n'kuikapo lata latsopano, asakute chigamba pamwamba pa dzimbiri. Ndalama zako zoyamba zithere apa, ndipo usadandaule kuti palibe chooneka.

Ukatha malata, mabuleki. Kutsogolo ili ndi ma disc, kumbuyo ma drum. Ma caliper (zopanira disc) a mapisitoni anayi a Hilux 4x4 yakale, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, amakwana pa mabowo omwewo a 240Z, ndipo eni galimotozi kunja akhala akuchita zimenezi kwa nthawi yaitali. Mapaipi onse a mabuleki usinthe, a labala ndi achitsulo omwe. Amene watsikako mapiri a pa msewu wa ku Chirundu akudziwa chifukwa chake ndikulimbikira apa.

Mawaya usalumikize zidutswa. Luka atsopano. Datsun anapanga kuti moto wonse wa nyali zakutsogolo uzidutsa pa switchi ndi pa bokosi la mafyuzi, n'chifukwa chake mabokosi ambiri a galimoto izi anasungunuka. Ika ma relay, kuti moto wambiri usamadutse pa switchi. Chotsa ma points uike distributor (yogawa moto ku mapulagi) ya electronic, rediyeta ya aluminiyamu ndi fani ya magetsi, kuti ukaima pa mzere wa Great East Road mu Okutobala usamayang'ane geji ya kutentha mtima uli m'mwamba. Zonsezi ndi zamakono, koma munthu woima panja sangazione.

Zoitsitsa pansi ndakana. Galimoto ya mtundu umenewu inapambana mpikisano wa East African Safari Rally kawiri, mu 1971 ndi Edgar Herrmann, mu 1973 ndi Shekhar Mehta, m'matope ndi m'miyala ya ku East Africa. Inadziwika mu Africa chifukwa chopirira misewu yoipa. Ukaitsitsa n'kuikapo matayala opyapyala, mahampu a m'Lusaka muno akung'ambira ekizozi mwezi usanathe. Gula mashoka abwino ndi mabushi atsopano, malimu a 15 okhala ndi tayala la mnofu, utali wake ukhale momwe unalili.

Injini isunge. Kulira kwa masilinda 6 amenewo ndi kumene bambo ako anaikondera. Chokha ukumbukire: Lusaka ili pamwamba, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yaikulu, mpweya ndi wochepa, choncho makabuleta achunidwe konkuno, apo ayi mapulagi azida ndi mwaye. Ukadzafuna mphamvu yowonjezera, injini ya L28 ya malita 2.8, imene inabweranso mu Nissan Patrol ndi mu Laurel zakale, ndi ya banja lomwelo ndipo imakhala pa malo omwewo. Mwina sampu ndi paipi yokoka oilo ungafunike kutenga pa injini yakale.

V8_Kafue_Road

Amalume, pa malata ndi mabuleki ndagwirizana nanu kwathunthu. Pa injini ndiloleni ndisiyane nanu. Kuika V8 m'galimoto yaing'ono si nzeru ya anyamata a lero. Basil Green ku South Africa ankachita zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kuika V8 ya malita 5 mu Ford Capri n'kuitcha Perana, ndipo lero anthu amazilimbirana. 1UZ, V8 ya Lexus ija, ndi ya malita 4, buloko yake ndi ya aluminiyamu pamene ya L24 ndi yachitsulo, ndiye kulemera sikukwera monga anthu amaganizira. Ili ndi fuel injection (kompyuta ndiyo imapereka petulo m'malo mwa kabuleta), imalira kamodzi m'mawa wa mu Juni, ndipo zida zake zimapezeka m'tauni muno tsiku lomwelo. Nanga odziwa kulinganiza makabuleta awiri atsala angati? Inu mulipo, koma achimwenewa akakaima pa Nyimba, panjira ya ku Chipata, adzaitana ndani?

mdala_wa_sipanala

Funso lako la pa Nyimba ndi labwino, sindilinyoza. Koma 240Z imalemera kungopitirira pang'ono tani imodzi, ndipo difu yake ya R180, yopereka mphamvu ku matayala a kumbuyo, anaipangira mahatchi 150. Ukaipatsa mahatchi 250 a V8 uyenera kusintha difu, mashafiti, giyabokosi, kuwotcherera zokhalira injini zatsopano, kulimbitsa bodi, kusaka wodziwa kompyuta ya injini. Ndaona galimoto zambiri zokongola zitafera m'magalaja zili zophwasula chifukwa mwini wake ndalama zinamuthera pakati. Kabuleta ikavuta panjira umaikonza ndi sikuludilaiva. Ndipo ngati makabuleta amutopetsa, injini ya L yomweyo imalola fuel injection. Datsun eni ake anachita zimenezo pa 280Z mu 1975.

mayi_wa_MGB

Achimwene, ine ndili ndi MGB, galimoto yakale ya ku Britain, imene ndinakonza pang'onopang'ono, ndiye ndinene zimene abambowa sanatchule. Musanamasule nati ngakhale imodzi, pezani white book, buku la umwini wa galimoto. Ngati idakali m'dzina la bambo, yambani ndi mapepala a chuma cha masiye kuti isinthidwe ikhale m'dzina lanu, ndipo abale alembe zimene agwirizanazo. Galimoto yowola palibe amaifuna, koma ikadzawala eni ake amachuluka. Onaninso ngati nambala ya injini ndi ya bodi zikufanana ndi za m'bukumo. Mukasintha injini kapena mtundu wa penti, muyenera kukasinthitsa ku RTSA, bungwe la boma lolembetsa galimoto, chifukwa pa fitness amayang'ana zimenezo.

Chachiwiri, chilichonse chimene mwachotsa musataye. Makabuleta, distributor, ma caliper akale, chiwongolero, ngakhale mabaji. Ikani m'makatoni mulembepo. 240Z yokhala ndi injini imene inabadwa nayo ili ndi mtengo wina kwa ogula akunja, ndipo kusintha kulikonse kochita kumanga ndi mabauti mungathe kudzabweza. Kochita kudula ndi kuwotcherera sikubwerera.

Malabala a zitseko ndi a magalasi muitanitse kunja nthawi imodzi. Mukamaitanitsa kamodzikamodzi, ndalama zonyamulira ndi msonkho zimaposa mtengo wa katunduyo.

wa_ku_Chelstone

Zikomo kwambiri nonse. White book amayi aipeza, ndipo manambala akugwirizana. Ndasankha kusunga L24. Achimwene a V8, mfundo yanu ya zida ndaimva, mwina fuel injection ndidzaiganizira mtsogolo. Mdala, kodi injiniyo ndingayese kuiliza kaye ndisanaichotse, kuti ndidziwe ngati ili ndi moyo?

mdala_wa_sipanala

Ungayese, koma osati ndi petulo wa mu thanki imeneyo. Chotsa mapulagi, thira oilo pang'ono mu silinda iliyonse, isiye igone. Tsegula chivundikiro cha pamwamba uthire oilo pa camshaft, chifukwa yauma. Sintha oilo ndi filita, uizungulitse ndi sitata mapulagi asanabwerere mpaka geji ya oilo itakwera. Petulo achokere m'kachigubu koyera, ndipo chozimitsira moto chikhale pafupi. Ikalira, yeza compression (mphamvu yopanikiza mpweya) pa masilinda onse 6 utilembere manambala ake pano.